Matenda akayamba miyezi isanakwane: mmene mungadziwire ngati mankhwala oimitsa leba akuperekedwa motsata ndondomeko

Mayi wapakati akafika kuchipatala mimba ikupotokola koma masiku asanakwane, nthawi zambiri amauzidwa kuti "tikupatsani mankhwala kuti matendawa aime kaye". Ambirife timangoti zikomo adokotala basi, kumeza mapilisi aja nkukagona, osafunsa kuti ndi mankhwala anji, amwa mpaka liti, nanga akaima matendawo chotsatira nchiyani. Koma mankhwala amenewa ali ndi malamulo ake, ndipo malamulowo sikuti kulikonse amatsatidwa, olo kumayiko olemera komwe kuli zipangizo zonse madokotala ena amachitabe zimene anazolowera kalekale osati zimene ndondomeko ikunena. Nde ndikufuna inu amayi, inu agadiyani, komanso inu abambo amene mumangodikira panja pa wodi, mudziwe zoyenera kuyang'ana ndi zoyenera kufunsa.

Nkhaniyi kwathu kuno si yachilendo. Lipoti la WHO, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la mu 2012 linaika Malawi pamwamba pa dziko lonse pa ana obadwa masiku asanakwane, pafupifupi ana 18 pa 100 aliwonse. Mwana amatchedwa wosakwana masiku akabadwa mimba isanafike masabata 37, ndipo vuto lake lalikulu ndi mapapo, amakhala asanakhwime nde kupuma kumamuvuta.

Choyamba mumve bwino ntchito ya mankhwalawa

Mankhwala oimitsa leba sakufikitsani pa miyezi 9, ayi. Amene wakulonjezani zimenezo wakunamizani kapena naye sakudziwa. Chimene amachita nkuchedwetsa kubereka kwa masiku ochepa, kwenikweni awiri, maola 48. Zili ngati kupempha kondakitala kuti minibasi idikire pang'ono mumange katundu, inyamukabe, nkhani ndi yoti mwachita chani pa nthawi imene yakudikiraniyo.

Masiku awiriwo ali ndi ntchito ziwiri. Yoyamba ndi jakisoni wokhwimitsa mapapo a mwana, kwathu kuno amakhala dexamethasone, amabaya 6 mg kanayi, pakatha maola 12 aliwonse, kwina amagwiritsa betamethasone 12 mg kawiri motalikirana maola 24. Yachiwiri ndi kusamutsa mayi mwana akadali mmimba kupita kuchipatala komwe kuli nazale, oxygen, makina othandiza kupuma aja a CPAP ndi wodi ya kangaru, kaya ndi chipatala cha boma cha m'boma lanu kaya ndi Queens, Kamuzu Central, Zomba Central kapena Mzuzu Central. Kamwana ka kilo imodzi ndi theka kuyenda nako pa ambulasi mumsewu wafumbi usiku kukuzizira nkoopsa kwambiri kusiyana nkuyenda kali mmimba mwa mayi ake.

Nde lamulo loyamba loti musunge mmutu ndi ili, mukaona mayi wapatsidwa mankhwala oimitsa leba koma jakisoni wa mapapo sanabayidwe ndipo za kutumizidwa kwina palibe amene akuzitchula, funsani msanga. Mu 2014 magazini ya zachipatala ya The Lancet inatulutsa kafukufuku wa WHO wa zipatala za mmayiko 29, anapeza kuti pa amayi amene anabereka pakati pa masabata 26 ndi 34, amene analandira jakisoni wa mapapo anali theka chabe, ndipo amene analandira zonse ziwiri, oimitsa leba ndi wa mapapo, sanafike mmodzi pa amayi asanu oyenera kulandira. Izi zimandipweteka mtima chifukwa dexamethasone si mankhwala odula ayi, vuto limakhala kuiwala, kuchedwa, kapena kusowa munthu wokumbutsa.

Masabata a mimba, apa mpamene zambiri zimasokonekera

Ndondomeko ya WHO ya mu 2022 imati mankhwala oimitsa leba aperekedwe mimba ili pakati pa masabata 24 ndi 34, isanakwane 34 yeniyeniyo, kunena mwa kawerengedwe kathu ndi kuyambira mwezi wa 6 mpaka chapakati pa mwezi wa 8. Ikapyola apo phindu lake limakhala lochepa, mwana amakhala wakhwimako ndipo nkwabwino kungomulola abwere kusiyana nkumapatsa mayi mankhwala opanda ntchito. Komanso ndondomekoyo imati masabatawo akhale odziwika bwino, osati ongoganizira.

Apa nde pavuta kwathu kuno, tinene zoona. Ambiri timayamba sikelo mimba itaoneka kale, miyezi isanu kaya isanu ndi umodzi, ena kuopa kuti anthu adziwa msanga, ena kutalika kwa mtunda, nde anesi akafunsa kuti munasamba komaliza liti timangoti nthawi yokolola chimanga ija, iwo nkuyeza ndi tepi pamimba nkulemba nambala. Tepi ija imanama, mwana akakhala wochepa thupi mimba imaoneka yaing'ono pamene masiku akwana, akakhala mapasa imaoneka yaikulu pamene masiku akadali kutali. Nchifukwa chake WHO kuyambira 2016 imalimbikitsa kuti mayi aliyense apange sikani imodzi mimba isanafike masabata 24, sikani yoyambirira ndi imene imanena masiku molondola, ya kumapeto siithandiza kwenikweni pa nkhani ya masiku.

Mwina wina anganene kuti nanga pali vuto lanji kungobaya aliyense, ngati sizithandiza sizipwetekanso. Ayi ndithu zimapweteka. Kafukufuku wamkulu amene anatuluka mu 2015, amene anachitika mmayiko asanu ndi limodzi kuphatikizapo Zambia ndi Kenya, anayesa kufalitsa jakisoni wa mapapoyu mpaka mzipatala zing'onozing'ono komwe masiku a mimba amangoyerekeza, zotsatira zake ana omwalira anachuluka mmalo mochepa ndipo amayi otenga matenda a mchiberekero anachulukanso, ambiri amene anabayidwa anadzabereka masiku atakwana kale, kutanthauza kuti sankafunika jakisoniyo nkomwe. Kenako mu 2020 kafukufuku wina wa WHO ku Bangladesh, India, Kenya, Nigeria ndi Pakistan, uyu anachitikira mzipatala zimene zinali ndi sikani ndi chisamaliro cha ana osakwana masiku, anaonetsa kuti dexamethasone yemweyo amapulumutsadi ana. Mankhwala omwewo, kusiyana kwake kunali kusankha bwino mayi woyenera ndi malo oyenera.

Nde chochita chanu nchosavuta. Buku la sikelo lisachoke mchikwama, pepala la sikani mulimate mkati mwa bukulo, ndipo mukafika ku leba funso loyamba likhale lakuti, "pepani anesi, mwapeza kuti mimbayi ili ndi masabata angati, mwawerengera sikani kapena tepi?" Funso limeneli silonyoza munthu, mzamba wodziwa ntchito amasangalala nalo.

Funsani dzina la mankhwala

Amene ndondomeko zambiri zikuika patsogolo panopa ndi nifedipine, mapilisi omwe aja amapatsa anthu a BP. Amafewetsa minofu ya chiberekero, ndi akumwa, otchipa, ndipo mavuto ake kwa mayi amakhala ocheperapo, mutu kupweteka, nkhope kutentha, chizungulire, mtima kugunda mofulumirako, BP kutsika. Chifukwa cha kutsika kwa BP kumeneko, mayi amene wapatsidwa nifedipine ayenera kuyezedwa BP asanamwe komanso pafupipafupi akamwa makamaka maola oyambirira, nde mukaona kuti wamwa madzulo mpaka kucha palibe amene wabwera ndi makina a BP, agadiyani nyamukani mukaitane.

Ndipo chonde chonde, poti mwamva kuti ndi mapilisi a BP musakatenge a agogo kunyumba nkumwa mimba ikayamba kupweteka. Mulingo wake sindilemba pano dala. Kunyumba simungadziwe ngati nsengwa yayamba kuchoka kapena ngati mkati muli matenda, ndipo pa zinthu ziwiri zimenezi kuimitsa leba kukhoza kupha mayi ndi mwana yemwe.

Gulu lina ndi la salbutamol, terbutaline, ritodrine ndi fenoterol, salbutamol yo ndi yomwe ija ya anthu a mphumu. Awa ndi amene madokotala akale anaphunzira nawo ndipo amaimitsadi leba, koma amathamangitsa mtima kwambiri, manja kunjenjemera, shuga kukwera, pena madzi kudzadza mmapapo mayi nkuyamba kubanika. Ku Britain ndondomeko ya mu 2015 ya NICE, bungwe lolemba ndondomeko za zachipatala kumeneko, inanena mosabisa kuti gulu limeneli lisamaperekedwe poimitsa leba. Ku America bungwe loyang'anira mankhwala la FDA linachenjeza mu 2011 kuti terbutaline wakumwa asagwiritsidwe ntchito imeneyi ndipo wobaya asapitirire masiku awiri kapena atatu, amayi ena atamwalira ndi vuto la mtima. Koma taonani, mu kafukufuku wa mmayiko 29 uja gulu lomweli ndi limene linkaperekedwa kwambiri kuposa ena onse, ndipo ku Germany komwe ofufuza atafunsa zipatala zaka zingapo zapitazo anapeza kuti fenoterol ankamugwiritsabe ntchito kwambiri. Chizolowezi chimavuta kusiya olo kwa munthu wophunzira. Nde mukamva kuti ndi salbutamol, funsani mwaulemu ngati nifedipine palibe kapena pali chifukwa china, ndipo ngati mayiyo ali ndi vuto la mtima kapena shuga nenani pompo, musadikire kuti akufunseni.

Palinso indomethacin, amene amagwira ntchito koma mimba ikafika masabata 32 amayamba kuopsa, akhoza kutseka msanga kamtsempha kena kofunika ka pamtima wa mwana ndi kuchepetsa madzi amene mwana amakhalamo. Atosiban ndi wa mu dilipu, wodula, amapezeka kwambiri ku Ulaya, abale athu amene ali ku UK mwina akumana naye nifedipine akakanika. Kuphatikiza awiri kapena atatu nthawi imodzi poganiza kuti agwira mwamphamvu si zimene ndondomeko zimalimbikitsa, mavuto kwa mayi ndi amene amachuluka.

Magnesium sulphate ndimuike payekha chifukwa amasokoneza anthu ambiri. Ndi jakisoni wowawa uja amene amapatsa amayi a BP yokwera kuti asakomoke. Kale ankamugwiritsanso ntchito poimitsa leba koma zinaoneka kuti pa ntchito imeneyo sathandiza kwenikweni. Ntchito yake pa mwana wosakwana masiku ndi ina, akaperekedwa mimba isanafike masabata 32 ndipo zaoneka kuti mwana abadwa basi, amateteza ubongo wa mwana ku kulumala kuja kotchedwa cerebral palsy. Nde mukamva dzina limeneli funsani kuti ndi wa BP, wa ubongo wa mwana, kapena woimitsa leba. Akaperekedwa limodzi ndi nifedipine mayi amafunika kumuyang'anira kwambiri chifukwa onse awiri amagwetsa BP.

Amwa mpaka liti

Apa ndondomeko zimasiyanako pang'ono nde ndinene bwinobwino. Bungwe la madokotala a amayi ku America, ACOG, limati mpaka maola 48 basi, kupitiriza leba itaima kale sikuthandiza mwana. Ya ku Germany nayo imati maola 48, ngakhale zipatala zambiri kumeneko zinavomera zokha kuti zimapyola. WHO mu 2022 inasiya mpata woti nifedipine apitirire masiku angapo ngati pali chifukwa. Koma palibe ndondomeko imene imati mayi atulutsidwe ndi chibotolo cha mapilisi azingomwa mwezi wathunthu mpaka tsiku lochira popanda womuyeza. Ine maganizo anga ndi akuti jakisoni wa mapapo akatha onse anayi ndipo mayi ali kale pachipatala choyenera, funso liyenera kufunsidwa tsiku lililonse pa laundi, "adokotala, mapilisiwa tisiya liti?" Nthawi zina amapitirira chabe chifukwa palibe amene analemba mufayilo tsiku losiyira, shifiti iyi ikupatsira shifiti inayo.

Za kugona pabedi osadzuka milungu yambiri nazonso palibe umboni woti zimaletsa mwana kubadwa msanga, mmalo mwake magazi amatha kuundana mmiyendo. Kupuma ku ntchito zolemetsa, kusiya kusenza madzi ndi kulima, zimenezo nzanzeru, koma osati kumangidwa pabedi.

Nthawi imene leba siyenera kuimitsidwa

Gawo ili ndi limene abale amakangana nalo ndi achipatala, chifukwa aliyense amafuna mwana akhalebe mmimba akuleko. Koma pali nthawi imene mmimbamo ndi moopsa kuposa panja. Mayi akamataya magazi ambiri, makamaka mimba italimba gwa ndi ululu wosalekeza, zikhoza kukhala kuti nsengwa yachoka pamalo pake mwana asanabadwe. Akatentha thupi, mimba ikuwawa mukaigwira, kumusi kukutuluka madzi onunkha, ndiye kuti mchiberekero mwalowa matenda, apa ngakhale jakisoni wa mapapo saperekedwa, chofunika ndi maantibayotiki ndi kubereka. BP ikakwera kwambiri, mutu waukulu, maso kuchita chidima, kutupa nkhope kapena kukomoka, mankhwala enieni a vuto limenelo ndi kuti mwana atuluke. Chimodzimodzi mtima wa mwana ukamamveka kuti watopa, kapena mwana akafera mmimba. Ndipo njira ikatseguka kwambiri mutu uli pafupi, mapilisi sangabweze kanthu, bola nthawi imeneyo ikonzeretu malo ofunda ndi anthu olandira mwana.

Nde adokotala akakana kuimitsa leba pa zifukwa ngati izi sikuti akuumirani mtima kapena akufuna chinachake, akutsata ndondomeko ndendende. Inu thandizani ponena zoona zonse. Ngati mayi anamwa mwanamphepo kapena mankhwala ena achikuda, nenani, olo mukuopa kukalipiridwa, chifukwa mankhwala ofulumizitsa leba ndi oimitsa leba akakumana mthupi limodzi achipatala ayenera kudziwa chimene akulimbana nacho. Ngati anagwa kapena anamenyedwa, nenaninso.

Nsupa ikasweka masiku asanakwane nkhani imasintha pang'ono. Apa maantibayotiki amafunika, ndipo amene WHO imasankha ndi erythromycin, osati co-amoxiclav, chifukwa kafukufuku wa mu 2001 anaonetsa kuti ameneyu amawonjezera matenda oopsa a matumbo kwa ana osakwana masiku. Kuimitsa leba nsupa itasweka madokotala amakuchita mosamala kwambiri, ngati akuchita nkomwe. Koma nsupa ikakhala yosasweka ndipo palibe chizindikiro cha matenda, maantibayotiki ongopatsa kuti mwina athandiza saloledwa. Chimene chiyenera kuchitika nkufufuza chimene chayambitsa, kuyeza malungo, mkodzo, magazi, chindoko, chifukwa kwathu kuno malungo ndi matenda a mchikhodzodzo amayambitsa leba msanga, ndipo kuimitsa leba osachiza chimene chaiyambitsa ndiye kuti mawa ibweranso.

Kafunsidwe kake

Ndikudziwa kuti kufunsa mafunso ku leba sikophweka, munthu umaopa kuti anditenga ngati wamakani nde andisiya. Komanso tiwamvetse achipatala, nthawi zambiri amene akupatuka pa ndondomeko sakuchita mwadala, pena nifedipine watha mufamase watsala salbutamol yekha, pena sikani yafa kapena woidziwa waweruka, pena mzamba ali yekha usiku ndi amayi khumi, pena ambulasi ilibe mafuta, pena ndi mantha chabe oti mwana akabadwa lero nazale yadzadza tikamuika pati. Penanso ndife abale amene timaumiriza kuti chitanipo kanthu, dokotala nkulemba mankhwala kuti aoneke kuti wachitapo kanthu.

Sankhani munthu mmodzi wolankhula, asakhale mayi amene akumva ululuyo, akhale gadiyani wodekha, kaya ndi amayi ake, apongozi kapena mwamuna wake. Dikirani nthawi ya laundi kapena pamene anesi akupereka mankhwala, osati ali mkati mobereketsa wina. Yambani ndi moni ndi pepani, nkunena kuti mukufuna mumve nawo kuti muziwathandiza kuyang'anira wodwalayo, kenako funsani zinayi zija, masabata angati, mankhwala dzina lake ndani, jakisoni wa mapapo wabayidwa ndipo wotsatira ndi wa nthawi yanji, nanga mwana akabadwa usiku uno asamalidwa pompano kapena titumizidwa. Lembani mayankho olo pafoni. Nthawi ya jakisoni wotsatira ikakwana palibe akubwera, pitani mukakumbutse, maola 12 akapyola kwambiri masiku awiri amene mapilisi anagula aja akuwonongeka. Ngati mwauzidwa kuti mutumizidwa koma ambulasi ikuchedwa, funsani ngati jakisoni woyamba angabayiretu musananyamuke, ndipo kalata yotumizira ilembedwe nthawi imene mankhwala aliwonse anaperekedwa kuti akutsogolo asayambirenso kapena kudumphitsa.

Pa bedi paja agadiyani maso anu akhale pa izi, magazi, kutentha thupi, kubanika kapena kupweteka pachifuwa, mtima kuthamanga modetsa nkhawa, kufooka ngati akomoka akadzuka, ndi mwana kusiya kusewera mmimba. Chimodzi mwa izi chikaoneka musadikire laundi ya mmawa. Ngati mwafunsa kangapo osathandizidwa, funsani amene akuyang'anira wodi tsiku limenelo, ndi ufulu wanu.

Leba ikaima nkutulutsidwa, musachoke bukulo lisanalembedwe tsiku ndi nthawi za jakisoni onse a mapapo, dzina la mapilisi ndi tsiku losiyira. Izi nzofunika chifukwa jakisoniyu mphamvu yake imakhala yaikulu mkati mwa masiku 7, nde matenda akayambiranso patapita sabata mimba isanakwanebe masabata 34, WHO imalola kubwereza kamodzi kokha, osati sabata iliyonse, ndipo amene mudzamupeze tsiku limenelo sadzadziwa kuti munabayidwa kale pokhapokha ataona mbukumo. Ngati kwanu nkutali ndi chipatala chimene chili ndi nazale, funsani ngati angakuloleni kukhala kuchidikiro mmalo mobwerera kumudzi, ndipo zitenje, chipewa cha mwana ndi masokosi zikhale zili mchikwama kuyambira tsiku lomwelo, poti mwana wotereyu akangobadwa adzafunika kufunda pachifuwa pa mayi ake nthawi yomweyo.